Kodi Bill Ward ankaphonya? Mmene mungamverere ng'oma za heavy metal yoyambirira

Funso: Ndine mnyamata woimba ng'oma kutchalitchi kwathu, ndipo ndimakonda magulu a metal a masiku ano chifukwa oimba ng'oma awo ndi achangu komanso saphonya. Anzanga anandiuza kuti ndionere makanema akale a Black Sabbath, Led Zeppelin ndi Deep Purple akuimba pamaso pa anthu, koma nditaonera ndinakhumudwa. Ng'oma sizikumveka mosalala, liwiro la nyimbo likusinthasintha, ndipo nthawi zina woimba ng'oma, makamaka wa Black Sabbath, akuoneka ngati wasochera. Kodi anthu amayamikira chiyani kwenikweni m'maimbidwe amenewa, nanga ndingawamvere bwanji kuti nanenso ndimve zimene iwo amamva?

Yankho: Makutu anu sanakunamizeni, ndipo mwachita bwino kufunsa m'malo mongotseka kanemayo n'kuiwala. Liwiro la nyimbo m'makanema amenewo limasinthadi, ng'oma sizimveka mosalala ngati za m'zimbale za masiku ano, ndipo alipodi malo amene woimba ng'oma amasiya kugunda kokhazikika n'kuyamba kuchita zina. Pamene sindikugwirizana nanu ndi pa ganizo lakuti zimenezi ndi kulephera. Mwaonera anthu anayi kapena asanu amene akusunga nthawi pomverana okhaokha, popanda makina owatsogolera, ndipo kulemera konse kwa nyimbo zawo kukuchokera m'kumverana kumeneko. Mukapita kukafunamo changu ndi kusaphonya kwa oimba a lero mudzabwerako chimanjamanja, chifukwa si zimene anthu amenewa ankasaka. Ndikufuna ndikuonetseni pamene muyenera kutchera khutu, ndipo ndikhalitsa pa Bill Ward wa Black Sabbath, popeza ndiye amene oimba ng'oma achinyamata amamuweruza molakwa kuposa anzake.

Bill Ward, John Bonham wa Led Zeppelin ndi Ian Paice wa Deep Purple onse anabadwa m'chaka cha 1948 m'chigawo chapakati cha England: Ward ku Aston mumzinda wa Birmingham, Bonham ku Redditch kufupi ndi mzinda womwewo, ndipo Paice ku Nottingham. Pamene ankaphunzira kugwira timitengo kunalibe nyimbo yotchedwa heavy metal yoti atengereko chitsanzo. Ankamvera akatswiri a jazi a ku America monga Gene Krupa ndi Buddy Rich, komanso blues ndi rock and roll, zimene mizu yake ili mwa anthu akuda a ku America. Choncho manja awo anazolowera swing, kagundidwe kamene sikagawa kugunda kumodzi m'magawo awiri ofanana, koma gawo loyamba limatalikirako pang'ono ndipo lachiwiri limafupika, moti nyimbo imayenda mogwedezeka m'malo moguba. Mukamvera chiyambi cha nyimbo ya Black Sabbath yotchedwa "Wicked World", mudzamva Ward akuimba hi-hat, mbale ziwiri zachitsulo zotsekedwa ndi kutsegulidwa ndi phazi, ndendende ngati woimba jazi, gitala yolemera isanalowe. Swing imeneyo sichoka ngakhale gitala italowa. Imangobisala pansi pa phokoso, ndipo ndiyo imachititsa kuti nyimbo zoyenda pang'onopang'ono chonchi zisakhale zouma.

Sukulu yawo yeniyeni inali mabala ndi timaholo ting'onoting'ono. Black Sabbath isanatenge dzina limeneli inkatchedwa Earth ndipo inkaimba blues, ndipo m'chaka cha 1969 inakaimba ku Star-Club mumzinda wa Hamburg ku Germany, kumene gulu linkayenera kukwera pansanja kangapo usiku umodzi. Gulu la nyimbo zochepa likapatsidwa maola ambiri chotero silingachitire mwina koma kuzitalikitsa nyimbozo, kulola wa gitala kuti ayende yekha kwa mphindi zingapo, kenako wa ng'oma, kenako onse kubwerera pamodzi popanda wowawerengera. Umu ndi mmene anaphunzirira kulankhulana ndi maso ndiponso kumva kumene mnzawo akufuna kukhotera. Chimbale chawo choyamba anachijambula tsiku limodzi, pa 16 Okutobala 1969, mu situdiyo ya Regent Sound ku London, akuimba onse nthawi imodzi monga ankachitira m'mabalamo, ndipo chinatuluka pa 13 Febuluwale 1970. Kwa iwo nyimbo inali chinthu chochitika m'chipinda pakati pa anthu anayi, ndipo chimbale chinkangosunga tsiku limodzi la chinthu chimenecho. Masiku ano zinatembenuka, chifukwa chimbale ndicho muyezo, ndipo gulu likakwera pansanja limayesetsa kuchibwereza osasintha kanthu. Mukaonera makanema akalewo ndi muyezo wa lero, ndiye kuti mukuwalembetsa mayeso a phunziro limene sanaphunzire.

Tengani kanema amene pa YouTube amalembedwa kawirikawiri kuti ndi wa ku Paris wa 1970, ngakhale kuti anajambulidwa ku Brussels, m'holo yotchedwa Théâtre 140, mu Okutobala chaka chimenecho. Pitani pa nyimbo ya "War Pigs" ndipo muimvere kawiri. Ulendo woyamba musatsatire mawu a Ozzy Osbourne kapena gitala ya Tony Iommi, koma Ward yekha. Nyimboyi imayamba mwapang'onopang'ono ndi kagundidwe kogawika patatu kochokera ku blues, ndipo Ward amaika snare yake, ng'oma yaing'ono yolira mokweza, mochedwerako, kumapeto kwenikweni kwa malo ake, moti womvera amamva kulemera nyimbo isanafike paliponse. Kenako zonse zimaduka n'kutsala hi-hat yokha, gulu lonse limamenya kawiri motsatizana n'kukhalanso chete, ndipo Ozzy amaimba mzere wake pamwamba pa hi-hat yokhayo. Pa bata limenelo palibe pobisala. Hi-hat ikanati igwedezeke, kapena anthu atatu aja akanapanda kugwera pamodzi pa kumenya kawiri kuja, aliyense m'holoyo akanadziwa. Onani mmene akugwera pamodzi nthawi iliyonse. Gawo lotsatira ndi limene ndikuganiza kuti linakusokonezani, chifukwa gitala ndi besi zimaimba manotsi otsikira pansi n'kusiya mpata, ndipo mpata uliwonse Ward amaudzaza ndi roll, kugunda kwachangu kotsatizana, yosiyana ndi yapitayo: ina ya pa snare yokha, ina yozungulira ma tom (ng'oma za mawu ozamirapo), ina yoyamba mochedwa n'kuthamanga kuti ikafike pa nthawi. Kumeneko si kusochera. Gitala yafunsa, ng'oma ikuyankha, ndipo yankho lililonse likutha pamene gitala ikuyambiranso.

Ulendo wachiwiri mverani besi ya Geezer Butler pamodzi ndi ng'omazo. M'magulu ambiri, kuphatikizapo mabandi a m'matchalitchi, ntchito ya woimba ng'oma ndi kuyala maziko osasuntha, kick (ng'oma yaikulu yogundidwa ndi phazi) pa kugunda koyamba ndi kwachitatu, snare pa kwachiwiri ndi kwachinayi, kuti ena onse amangepo. Mu Black Sabbath maudindowa anasinthana. Amene ankasunga mzere wowongoka kawirikawiri anali Iommi ndi riff yake, kachidutswa ka gitala kobwerezedwabwerezedwa kamene nyimbo yonse imatsamirapo, pamene Ward ndi Butler ankayenda mozungulira riff imeneyo, kuikankha, kuikoka ndi kuikometsera. Amene anaonapo Gule Wamkulu akudziwa kuti woimba mbalule sagunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Maso ake amakhala pa mapazi a wovina, ndipo ng'oma yake imanena zimene mapaziwo akuchita. Ward ankachita chimodzimodzi ndi gitala ya Iommi. Mu nyimbo yoyamba ya chimbale choyamba, imene dzina lake ndi la gulu lomwelo, gitala imangoimba manotsi atatu otalikirana, ndipo m'mavesi Ward saimba kugunda kokhazikika kumene munazolowera; amangogunda ma tom apa ndi apo n'kusiya mipata ikuluikulu yopanda kanthu. Mantha amene nyimboyo imabweretsa akuchokera m'mipatayo. Woimba ng'oma amene akanadzaza malo onse akanaipha nyimboyo, ngakhale akanapanda kuphonya ndi kamodzi komwe.

Tsopano tifike pa liwiro, chifukwa apa ndi pamene pagona funso lanu. Oimba ambiri a masiku ano amavala kachipangizo m'khutu kamene kamawagundira click, kaphokoso kogunda mofanana kowasungira liwiro, ndipo m'maphwando akuluakulu a maimbidwe nyali, zithunzi za pa sikirini ndi zida zina zojambulidwa kale zimayendera click yomweyo, moti palibe amene angayerekeze kusuntha. Mu 1970 pansanja panalibe zimenezi. Liwiro linali m'thupi la woimba ng'oma, ndipo thupi limamva kutentha kwa m'holo, kukuwa kwa anthu ndiponso kutopa. Nyimbo ikafika pachimake inkathamanga, ikafika pa gawo lolemera inkabwerera m'mbuyo. Sindikunena kuti kusintha kulikonse kunali luso. Analipo masiku amene Ward anathamangadi mopitirira muyezo, ndipo mowa ndi mankhwala osokoneza bongo zinawononga maimbidwe ena a Black Sabbath ndi Led Zeppelin m'zaka za m'ma 1970, nkhani imene a Black Sabbath akhala akuivomereza poyera. Komabe njira yosiyanitsira ilipo. Kuphonya ndi pamene munthu mmodzi wasuntha anzake n'kutsala, ndipo mumamva kukokana, wa besi akufufuza pamene kick yagwera. Koma pamene onse anayi asuntha limodzi n'kugwera pamalo amodzi, nyimbo ikupuma monga chamoyo, ndipo zimenezi n'zovuta m'njira yakeyake, chifukwa zimafuna kuti munthu aliyense azimvera anzake atatu pa nthawi yomwe akuimba gawo lake. Muyezeni Ward wa ku Brussels ndi muyezo umenewu, ndipo mudzapeza kuti kusuntha kwake kochuluka ndi kwa mtundu wachiwiriwu.

Umboni wabwino ndi kumvera nyimbo yomweyo m'manja mwa munthu wina. Ward atachoka m'gululi mu 1980, malo ake anatenga Vinny Appice, ndipo "War Pigs" ya pa chimbale cha Live Evil chojambulidwa mu 1982 ndi yolimba, yowongoka ndiponso yosakayikitsa. Appice ndi katswiri, ndipo mwina inu mudzamukonda poyamba chifukwa ali pafupi ndi zimene munazolowera. Koma mverani bwino mipata ija, ndipo mudzaona kuti nyimbo imene inkagwedezeka tsopano ikuguba. Ine ndimasankha ya Ward mosakayika. Chifukwa chomwechi ndicho chinachititsa kuti okonda gululi adandaule kwambiri pamene linatulutsa chimbale cha 13 mu 2013 popanda iye, ndiponso kuti asangalale pa 5 Julayi 2025 ku Villa Park mumzinda wa Birmingham, pamene Ward, ali ndi zaka 77, anakhalanso kumbuyo kwa anzake atatu aja koyamba kuchokera mu 2005. Limenelo linali phwando lawo lomaliza, popeza Ozzy anamwalira pa 22 Julayi chaka chomwecho.

Zoti ng'oma sizikumveka mosalala zikukhudza zida za nthawi imeneyo. Pambali pa woimba ng'oma pankakhala mulu wa maampulifaya ndi masipika, a kampani ya Laney kwa Iommi, a kampani ya Marshall kwa Ritchie Blackmore wa Deep Purple, ndipo Jon Lord ankalumikizanso limba lake la Hammond ku Marshall kuti lifanane mphamvu ndi gitala. Zokuzira mawu za m'holo zinali zofooka poyerekeza ndi za lero, m'timaholo tambiri ng'oma zinkapatsidwa maikolofoni ochepa kapena osapatsidwa n'komwe, ndipo masipika oyang'ana kwa oimba kuti azidzimva okha anali atangoyamba kumene kufala. Woimba ng'oma wofuna kumveka ankayenera kumenya ndi mphamvu zake zonse. Buku la Guinness linalemba Deep Purple monga gulu laphokoso kwambiri padziko lonse chifukwa cha phokoso la ma decibel 117 limene linayezedwa ku Rainbow Theatre ku London mu 1972, ndipo Paice ankakhala pakati pa phokoso limenelo. Lero m'nyimbo zambiri za metal ng'oma zimamatidwa tizipangizo totchedwa trigger, timene timachititsa kuti kugunda kulikonse kutulutse liwu lofanana losungidwa kale, kaya woimbayo wamenya mwamphamvu kaya wangokhudza, ndipo mu situdiyo kugunda kumene kwachedwa kumakankhidwira pamalo pake pa kompyuta. Kusalala kumene mumakonda, mbali ina ndi luso lenileni la oimbawo, ndipo luso limenelo ndi lalikulu, koma mbali ina ndi ntchito ya makina. M'zojambula zakale kugunda kulikonse kuli ndi msinkhu wake, ndipo pakati pa kumenya kwakukulu pa snare pamakhala kugunda kwapansipansi kumene kumanyamula swing yonse. Pa sipika ya foni zonsezi zimasowa, kick ndi besi sizimveka n'komwe, ndipo mumangotsala ndi ma cymbal, mbale zachitsulo zija, ndi gitala. Valani mahedifoni abwino musanaweruze, ndipo musakweze kwambiri, chifukwa makutu ndiwo chuma cha woimba.

Bonham ndi wosavuta kumukonda, choncho sindichedwapo. A Led Zeppelin eni ake sankafuna kutchedwa gulu la heavy metal, koma n'kovuta kupeza woimba ng'oma wa metal amene sanatengeko kanthu kwa iye. Ambiri amaganiza kuti chinsinsi chake chinali nyonga zokha, koma mukaonera phwando la ku Royal Albert Hall la pa 9 Januwale 1970 mudzaona kuti manja ake ndi omasuka, ndipo kamtengo kamadumpha kokha kakagunda chikopa. Ankaimba ng'oma zazikulu za Ludwig, kick yake ya mainchesi 26, ndipo ankazikunga molimba kuti zilire m'malo mozitseka pakamwa. Mu "Good Times Bad Times", nyimbo yotsegulira chimbale chawo choyamba cha 1969, muli kugunda kwachangu kwa kick kumene ambiri ankaganiza kuti n'kwa mapazi awiri, chonsecho ndi phazi limodzi pa chopondera chimodzi. Ng'oma za mu "When the Levee Breaks" ya 1971 anaziika m'chipinda chachitali cha masitepe m'nyumba yotchedwa Headley Grange, maikolofoni awiri okha atapachikidwa pamwamba, moti chimene mukumva ndi munthu ndi chipinda chonse, osati ng'oma iliyonse payokha. Atamwalira pa 25 Seputembala 1980 ali ndi zaka 32, anzake analengeza mu Disembala kuti gulu latha m'malo mofuna wina, ndipo kwa amene wamvetsa mmene magulu amenewa ankadalirira kumverana, chisankho chimenecho n'chosadabwitsa.

Ngati mukufuna umboni woti anthu a nthawi imeneyo ankatha kuimba mwachangu komanso mwaukhondo, pitani kwa Paice, ndipo ndikukhulupirira kuti iye ndiye khomo labwino lolowera kwa munthu wa makutu ngati anu. Chimbale cha Deep Purple cha Made in Japan chinajambulidwa m'maphwando atatu, awiri ku Osaka pa 15 ndi 16 Ogasiti 1972 ndi limodzi ku Budokan mumzinda wa Tokyo pa 17, wojambula wake ali Martin Birch, ndipo gululi lakhala likunena kuti silinawonjezeremo kanthu mu situdiyo. Paice ndi wamanzere, choncho mukamuonera m'makanema seti yake imaoneka yotembenuka, koma zimenezo zisakusokonezeni. Mverani mmene "Highway Star" imayambira pa chimbalechi: snare ndi limba zikuyamba motsitsa, besi ndi gitala zikulowa, mphamvu ikukwera pang'ono ndi pang'ono mpaka woimba mawu Ian Gillan akukuwa ndipo gulu lonse likutseguka. Kukwera kumeneko kukuchokera pa kukula kwa kugunda, osati pa kuchuluka kwake, ndipo ndi chinthu chimene ng'oma yomatidwa trigger imavutika kuchita. Nyimbo ya "Space Truckin'", imene pa chimbale cha Machine Head ndi ya mphindi zinayi ndi theka, pano ikuyandikira mphindi 20. Blackmore ndi Lord akupita kutali, nthawi zina kutsika mpaka kunong'ona, ndipo Paice ndi Roger Glover wa besi akugwira nyimbo kuti aliyense akhale ndi pobwerera. Popeza zojambula za masiku onse atatu zinadzatulutsidwa pambuyo pake, mungathe kumvera nyimbo imodzi katatu, ndipo mudzapeza kuti palibe tsiku lofanana ndi linzake: tsiku lina gitala yapita njira ina ndipo ng'oma zaitsatira, tsiku lina wina walakwitsa ndipo anzake amuphimba. Apa ndi pamene pali kukoma kwa kuimba pamaso pa anthu, chifukwa mukumvera akatswiri amene nawonso sakudziwa bwinobwino mmene mphindi yotsatira ikhalire, ndipo mwayi woti agwe ulipodi.

Musayambire pa malo amene woimba ng'oma amatsala yekha, monga "Moby Dick" ya Bonham, imene pansanja nthawi zina inkapitirira mphindi 20 ndipo iye ankafika poika timitengo pansi n'kumaimba ndi manja, kapena "The Mule" ya Paice, kapena "Rat Salad" ya Ward. Mwambo umenewu mu rock anautchukitsa ndi Ginger Baker wa gulu la Cream ndi nyimbo ya "Toad" mu 1966, munthu amene pambuyo pake anakakhala ku Lagos n'kuimba ndi woimba wa ku Nigeria Fela Kuti. Muli luso lochuluka m'malo amenewa, ndipo inu monga woimba ng'oma mudzaphunziramo zambiri, koma anakonzedwera anthu amene anali m'holo n'kumamva kick ikugunda pachifuwa pawo. Pa kanema amatopetsa msanga, ndipo angakupatseni chithunzi cholakwika chakuti ukulu wa anthu amenewa unali pa kudzionetsera, pamene unali pa kutumikira nyimbo.

Dziwaninso kuti si kanema aliyense wolembedwa kuti ndi wa pamaso pa anthu amene alidi wotero. Pa pulogalamu ya BBC ya Top of the Pops magulu kawirikawiri ankangoyerekeza kuimba, nyimbo yojambulidwa kale ikulira. Filimu ya Led Zeppelin ya The Song Remains the Same inajambulidwa ku Madison Square Garden ku New York mu Julayi 1973, koma zithunzi zina anakazijambulanso ku Shepperton Studios chaka chotsatira kuti atseke mipata, choncho si nthawi zonse pamene manja amene mukuona ndi amene akutulutsa liwu limene mukumva. Rob Halford, woimba mawu wa gulu la Judas Priest, anavomereza kuti mawu ake a pa chimbale cha Unleashed in the East cha 1979 anawajambulanso mu situdiyo. Inu muli ndi mwayi umene ena alibe, chifukwa mungathe kuyang'ana ngati cymbal yagwedezeka pamene mwamva kulira kwake. Kanema wodalirika woti muonjezere pa wa ku Brussels uja ndi wa California Jam ya pa 6 Epulo 1974, pamene Black Sabbath inaimba masana pamaso pa anthu oposa 200,000 ndipo Deep Purple inakwera pansanja yomweyo madzulo.

Maimbidwe amene inu mumakonda sanagwe kumwamba, anabadwa mwa omwewa. Kuimba ma kick awiri kunayamba ndi a jazi, makamaka Louie Bellson m'zaka za m'ma 1940, Baker anali mmodzi mwa amene anakubweretsa mu rock, ndipo Paice anakugwiritsa ntchito pa chiyambi cha "Fireball" mu 1971. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi pamene zinthu zinasinthiratu. Simon Phillips pa chimbale cha Judas Priest cha Sin After Sin mu 1977, Les Binks mu "Exciter" mu 1978, ndi Phil Taylor wa Motörhead mu "Overkill" mu 1979 anachititsa mapazi awiri kukhala maziko a nyimbo yonse, osati zokometsera za apo ndi apo, ndipo thrash metal, metal yothamanga kwambiri ya m'zaka za m'ma 1980, inamanga pamenepo. Panapindulidwa changu ndi ukali umene Ward sakanaufika. Chimene chinachepa ndi swing ndiponso mipata, popeza mapazi akamagunda mosalekeza sipakhalanso malo oti ng'oma iyankhe gitala. Ndimalemekeza mbali zonse ziwiri, koma ndimadandaula ndikaona woimba wachinyamata amene angathe kuthamangitsa mapazi mochititsa nthumanzi, koma sangathe kugwira hi-hat yokha kwa mizere inayi popanda kuthamanga kapena kuwonjezerapo kanthu.

Phokoso limeneli linafikanso m'chigawo chathu chino cha Africa pa nthawi yomweyo. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankaimba rock ya magitala okalipa imene lero imatchedwa Zamrock, ndipo nyimbo zina za Ngozi zili m'Chinyanja. Mukamaliza kumvera chimbale cha Black Sabbath cha Paranoid cha 1970, mverani Day of Judgement cha Ngozi Family cha 1976 ndipo mutsatire ng'oma za Chrissy Zebby Tembo. Mudzamva riff yolemera, zida zosavuta, ndi anthu ochepa m'chipinda chimodzi akukokana ndi kumverana, ndipo mwina khutu lanu lidzazindikira msanga kumeneko chimene linaphonya ku Brussels.

Popeza ndinu woimba, njira yachidule yomvetsera zonsezi ndi ya manja anu. Click musaitaye, chifukwa ndi mphunzitsi wabwino pamene mukuyeserera nokha, ndipo munthu ayenera kudziwa pamene mzere wowongoka uli asanayambe kuyenda mozungulira mzerewo. Koma tsiku lina pezani mnzanu wa besi ndi wa gitala, mukhale moyang'anizana, muzimitse click, ndipo muphunzire gawo la "War Pigs" lija la hi-hat ndi kumenya kawiri, kenako gawo la mipata, mukudzikakamiza kuti roll iliyonse isiyane ndi inzake koma ithe pa nthawi yake. Ikani foni pakona ya chipinda ijambule. Pomvera zimene mwajambulazo musawerenge kuti liwiro lasuntha kangati, koma kuti atatu inu mwagwera pamodzi kangati, ndipo ngati wa besi akutsalira, yambani mwachepetsa mphamvu pa ma cymbal kuti amve kick yanu musanamuimbe mlandu.